Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban: katundu wa ku Chipata adzere kuti?

Kontena yotsikira pa doko la Beira ikamabwera ku Chipata kudzera ku Mutare, Harare, Chirundu ndi Lusaka imayenda makilomita opitirira 1,600 ndipo imaoloka malire awiri. Kontena yomweyo ikadzera ku Tete n'kulowa pa Chanida imayenda makilomita 1,000 ndi pang'ono, malire amodzi basi. Komabe si zachilendo kuona katundu wa amalonda a kuno Kummawa akuzungulira ku Lusaka, chifukwa kumeneko n'komwe kuli maofesi a maajenti, mashedi ndi eni mathiraki ambiri. Wolipira mtunda wowonjezerawo ndi mwini katundu, ndipo pambuyo pake mlimi wogula feteleza ku Katete kapena ku Lundazi.

Tisanayerekeze madoko, tigwirizane zimene tikuyeza. Makilomita paokha amanamiza. Ulendo wa katundu umadya ndalama m'njira zitatu: mafuta, masiku amene kontena ili m'manja mwanu, ndiponso ngati thiraki ibwerera ndi katundu kapena yopanda kanthu.

Za mafuta n'zosavuta kuwerengera. Thiraki yodzaza imamwa pafupifupi lita imodzi ya dizilo pa makilomita awiri aliwonse, ndipo imanyamula matani 30, omwe ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Kupita ku Beira ndi kubwerako ndi malita pafupifupi 1,000. Kupita ku Dar es Salaam kudzera ku Lusaka ndi Nakonde ndi kubwerako ndi malita pafupifupi 2,500. Thiraki ikabwerera yopanda katundu, mafuta onsewo amagwera pa matumba anu 600. Ikapeza katundu wobwerera naye, mumagawana ndi wina. N'chifukwa chake mwini thiraki wa nzeru satchula mtengo asanafunse kuti kumene mukumutumako adzapezako chiyani.

Za masiku n'zimene zimapweteka anthu ambiri oyamba kumene. Kontena si yanu, ndi ya kampani ya sitima. Amakupatsani masiku aulere, kawirikawiri masabata awiri kapena atatu kwa katundu wopita ku mayiko opanda doko, kuwerengera kuyambira tsiku limene yatsitsidwa m'sitima mpaka tsiku limene mwaibweza yopanda kanthu. Masikuwo akatha, mumalipira tsiku lililonse, m'madola. Pamwamba pake pali chikole chimene mumasiya musanaitulutse padoko, ndi lendi ya malo padokopo ngati mapepala achedwa.

Beira kudzera pa Chanida

Kwa katundu woyenda pa thiraki, iyi ndiyo njira imene tiyenera kuyamba kuiganizira, ndipo zina zonse ziyerekezedwe ndi iyo. Kuchoka ku Chipata mumatsata msewu wa T4 makilomita pafupifupi 85 mpaka ku Katete, n'kukhotera kummwera pa T6, makilomita 55 mpaka pa Chanida. Tsidya linalo ndi Cassacatiza. Kuchokera apo mpaka ku Tete ndi makilomita osakwana 300, kudutsa m'mapiri ndi m'midzi ya anthu olankhula Chichewa ngati ife, ndiye dalaivala savutika kufunsa njira. Ku Tete mumaoloka Zambezi. Mlatho wakale wa Samora Machel unamangidwa kale m'nthawi ya Apwitikizi, ndipo mathiraki olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Mukatero ndi Changara, Guro, Catandica, Vanduzi, Chimoio, Inchope, Dondo, kenako Beira, makilomita pafupifupi 600 kuchoka ku Tete.

Ubwino waukulu wa Beira ndi katundu wobwerera. Feteleza wambiri wa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe amatsikira pamenepa, ndipo nthawi yake imagwirizana ndi yathu: soya, thonje, fodya ndi nsawa zimatsika kuyambira June mpaka October, feteleza amakwera kuyambira August mpaka mvula itagwa. Thiraki yopita ndi soya n'kubwera ndi urea ndiyo imatsitsa mtengo wa zonse ziwiri. Doko la makontena ndi katundu wamba limayendetsedwa ndi Cornelder de Moçambique kuyambira 1998, ndipo maajenti a kumeneko anazolowera katundu wa transit, wongodutsa popita ku dziko lina, mapepala ake amawadziwa.

Koma Beira ili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe. Mchenga ndi matope zimadzaza ngalande yolowera sitima, ndiye imafunika kukumbidwa kawirikawiri, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira kuti madzi a m'nyanja akwere zisanalowe kapena kutuluka. Zotsatira zake kwa inu n'zakuti makontena ambiri opita kutali sachoka ku Beira n'kulunjika komwe akupita. Amakwera sitima yaing'ono, n'kukasinthira ku doko lina lalikulu. Pamenepo masiku amawonjezeka, ndipo wogula wa ku India kapena ku China muyenera kumuuziratu. Miyezi ya feteleza nayo sitima zimakhala pamzere kunja kwa doko, mathiraki ali pamzere kunja kwa geti.

Nyengo ya mvula ndi vuto lina. Namondwe Idai anagunda mzinda wa Beira mu March 2019, ndipo msewu wa N6 wolowera mumzindawu unaduka kwa masiku angapo chifukwa cha madzi osefukira. Chigwa cha Pungwe pakati pa Inchope ndi Dondo n'chotsika kwambiri. Katundu amene ali ndi tsiku lokhwima la kontrakiti musamuike pa njira iyi pakati pa January ndi March popanda masiku apadera odikirira.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimaimitsa thiraki ku Mozambique, ndipo pafupifupi zonse n'zopeweka. Mozambique si membala wa COMESA, ndipo Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya COMESA imene imagwira ntchito ku Malawi, Zimbabwe ndi Tanzania sigwira kumeneko. Inshuwalansi ya galimoto mumagula pa boda. Dalaivala akhale ndi zovala zowala usiku, matrayango awiri, ndi chizindikiro chija cha buluu ndi chikasu chimene amafuna pa galimoto yokoka ngolo. Mapepala a kasitomu amadzera pa makina awo otchedwa Janela Única Electrónica, m'Chipwitikizi, ndipo amene amawalowetsa ndi despachante, ajenti wa kasitomu wovomerezeka wa kumeneko. Ajenti wanu wa ku Chipata kapena pa Chanida ayenera kukhala ndi mnzake wodziwika ku Beira. Ngati alibe, funani wina. Misewu yozungulira Tete ndi msewu wa N6 ili ndi mageti olipiritsa, ndiye dalaivala anyamule meticais okwanira.

Za chitetezo tisabise. Mu 2016, pa nthawi ya mkangano wa boma ndi Renamo, magalimoto ankayenda m'magulu operekezedwa ndi asilikali pa msewu wa pakati pa Vanduzi ndi Changara, ndipo mathiraki ena anatenthedwa. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa mu August 2019. Kumapeto kwa 2024, zisankho za mu October zitatha, zionetsero zinatseka misewu ndi maboda m'madera ambiri a dzikolo. Izi sizichitika chaka chilichonse, koma inshuwalansi ya katundu muifunse bwino ngati imalipira zowonongeka pa zipolowe. Zambiri zotchipa sizilipira.

Nacala: doko labwino, njira yofuna kuleza mtima

Pa mapu, Nacala ndiye doko la Chipata. Njanji ilipo kuchoka mumzinda muno mpaka kunyanja, makilomita pafupifupi 1,150: Mchinji, Lilongwe, Salima, Nkaya, Liwonde, Nayuchi, kenako Entre Lagos, Cuamba, Nampula ndi Nacala. Kagawo ka Chipata mpaka Mchinji, makilomita 27 okha, kanayamba kumangidwa mu 1982 koma kanatsegulidwa mu August 2010, pa nthawi ya pulezidenti Rupiah Banda. Njanji zonse za Zambia, Malawi ndi Mozambique n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067, ndiye bogi yopakiridwa ku Chipata ikhoza kukafika padoko osatsitsa thumba ngakhale limodzi.

Dokolo palokha lilibe mnzake m'chigawo chino. Ndi lakuya mwachilengedwe, silifuna kukumbidwa, ndipo sitima sidikira madzi kukwera. Linakonzedwanso ndi ngongole ya dziko la Japan, ndipo potsegulira mu October 2023 panali apulezidenti Filipe Nyusi, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema.

Nanga bwanji katundu wathu sadzaza kumeneko? Chifukwa njanjiyi ndi ziwiri zolumikizana, zosiyana msinkhu. Kuchoka pa Nkaya kupita ku Nacala ndi njanji yolimba imene kampani ya Vale inamanga ndi kukonza kuti izinyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala-a-Velha. Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa Vulcan, koma malasha ndiwo akadali mwini njira, ndipo sitima ya katundu wamba imapatuka kuti ya malasha idutse. Kuchoka pa Nkaya kubwera ku Salima, Lilongwe ndi Mchinji ndi njanji yakale, yopepuka, yoyenda pang'onopang'ono, imene madzi akhala akuikokolola m'malo ena nyengo ya mvula. Mlatho umodzi ukaduka pakati pa Salima ndi Lilongwe, Chipata yense wadulidwa ku Nacala mpaka ukonzedwe. Ndiponso Chipata ndi pothera njanji. Ya ku Serenje kudzera ku Petauke, makilomita 388, imene ikanatilumikiza ndi njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, inasainidwa mu 2016 ndi kampani ya ku China ya CCECC koma sinamangidwe. Popanda katundu wa ku migodi, sitima yobwera ku Chipata imadalira mbewu ndi feteleza wa chigawo chimodzi, ndipo zimenezi n'za nyengo. Doko louma la ku Chipata, loti makontena azipakiridwa ndi kuchotseredwa msonkho pompano, lakhala m'mapulani kwa zaka zambiri.

Tsono njanji imapindulira ndani? Amene ali ndi katundu wochuluka, wosafulumira, wosaola msanga, ndipo angathe kulonjeza matani ake miyezi isanafike. Bogi imodzi imanyamula matani pafupifupi 40. Munthu wa mabogi awiri sangayendetse sitima. Amadikira kuti ena adzaze. Koma mabungwe a alimi kapena ogula mbewu akasonkhanitsa matani 1,000, ndiye kuti ali ndi mabogi 25, ndipo akhoza kukambirana tsiku ndi mtengo. Katundu yemweyo pa msewu ndi mathiraki opitirira 30. Musanasaine chilichonse, funsani zinthu zitatu ndipo mayankho alembedwe: ngati njanji yonse kuchoka ku Chipata mpaka pa Nkaya ndi yotseguka mwezi umenewo, tsiku limene mabogi adzafike, ndi amene adzalipire kontena ikachedwa chifukwa cha sitima. Njira ina imene imathandiza ndi yophatikiza: thiraki kuchoka ku Chipata mpaka ku Kanengo ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 140, kapena kupitirira mpaka kummwera kwa Malawi kumene sitima zimayenda kawirikawiri, kenako njanji. Kutsitsa ndi kupakiranso kumadya ndalama, ndipo matumba ena amang'ambika, koma mwapewa kagawo kovuta.

Ku Nacala mukhozanso kupita pa msewu wokhawokha, makilomita pafupifupi 1,200. Mumatuluka pa Mwami, pomwe kuyambira December 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi ndipo thiraki imaima kamodzi. Kenako Lilongwe, Dedza, Liwonde, Mangochi, kukwera phiri lopita ku Namwera, n'kutuluka pa Chiponde kulowa Mandimba, Cuamba, Nampula. Msewu wa Cuamba mpaka Nampula ndi watala tsopano. Vuto ndi malire awiri, kutanthauza chikole cha transit ku Malawi ndi china ku Mozambique, maajenti m'malo anayi, ndi mageti olipiritsa a Kalinyeke ndi Chingeni. Malawi wakhalanso akuvutika ndi kusowa kwa mafuta m'zaka zaposachedwa, ndiye thiraki idzaze matanki ku Chipata, osadalira kukathira ku Lilongwe. Katundu wobwerera ku Nacala ndi wochepa poyerekeza ndi Beira, ndipo sitima za makontena zimabwera mwa apo ndi apo. Anamondwe nawo sasiya chigawo cha Nampula: Gombe anadutsa mu March 2022, Jude mu March 2025. Ife tikuona kuti pa thiraki, Nacala ndi wosankha pokhapokha wogula kapena kampani ya sitima yanena kuti katundu akwerere kumeneko, kapena Beira yadzaza.

Dar es Salaam

Doko ili ndi lalikulu kuposa awiri aja, ndipo sitima zochokera ku China, India, Dubai ndi Japan zimafika pafupipafupi. Ndiye kwa katundu wa m'masitolo, zipangizo, matayala, ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, nthawi zambiri mtengo wa panyanja ndi wotsika ndipo simudikira sitima nthawi yaitali. Kuyambira 2023 boma la Tanzania linapereka mbali ya dokoli kwa DP World kuti aziyendetsa. Dizilo wambiri wa dziko lino amachokeranso komweko kudzera m'paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 mpaka ku Ndola, imene mu 2023 inasiya kunyamula mafuta osayenga n'kuyamba kunyamula dizilo.

Funso kwa ife a Kummawa ndi lakuti tidzere kuti. Njira imene aliyense amaidziwa ndi ya Tunduma ndi Nakonde, kutsika Great North Road mpaka ku Kapiri Mposhi ndi Lusaka, kenako kubwerera kummawa makilomita 570 pa T4. Zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 2,500, malire amodzi, koma malire ake ndi Nakonde, pomwe mizere ya mathiraki imatha kutenga masiku. Ndipo T4 ili ndi zake: gawo la Luangwa Bridge mpaka Mwami, makilomita pafupifupi 360, linamangidwanso ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko, koma mapiri a Manenekera, musanafike pa mlatho wa Luangwa, amatentha mabuleki ndi makilatchi a mathiraki olemera.

Njira yachidule ndi yodzera ku Malawi: Dar es Salaam, Morogoro, Iringa, Uyole pafupi ndi Mbeya, kutsikira ku Kasumulu ndi Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Mchinji, Mwami. Ndi makilomita pafupifupi 1,700, kuchepetsa 800. Kwa galimoto yaing'ono yoyenda yokha kuchoka padoko, njira iyi ndi yabwino kwambiri, bola ajenti alembe kuyambira ku Dar es Salaam kuti yotulukira ndi Kasumulu ndipo yolowera ku Zambia ndi Mwami. Mapepala akalembedwa Tunduma simungangokhota pa Uyole. Kusintha kumatenga masiku ndi ndalama. Kwa thiraki ya matani 30, phiri la Chiweta si losewera nalo, ndipo chikole cha transit cha ku Malawi chimawonjezera mtengo. Palinso kanjira ka Lundazi kotulukira pa Lusuntha kupita ku Jenda, kothandiza a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, koma funsani kaye ngati boda imeneyo ingachotsere msonkho katundu wa mtundu wanu.

Ku Tanzania masikelo a pamsewu ndi ambiri ndipo sanyengerera. Malire a kulemera kwa thiraki yonse ndi matani 56, monga kwathu kuno, koma amayezanso ekiselo iliyonse payokha. Katundu akasunthira kumbuyo pokwera mapiri a Kitonga, thiraki yosapitirira matani onse ikhoza kugwidwa chifukwa ekiselo imodzi yalemera. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ambiri amafika pa ofesi itatsekedwa chifukwa cha zimenezi.

TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi, inamalizidwa mu 1975 ndipo pali mgwirizano ndi dziko la China woti ikonzedwenso. Kwa Chipata phindu lake ndi lochepa pakali pano, popeza kuti mukaipeze muyenera kuyenda kaye makilomita opitirira 750 pa msewu.

Durban ndi Walvis Bay

Apa sitikhalitsa. Durban ndi doko lalikulu la makontena kummwera kwa Africa, koma kuchoka ku Chipata ndi makilomita opitirira 2,700 kudzera ku Lusaka, Chirundu, Harare ndi Beitbridge. Kudzera pa Chanida, Tete ndi Nyamapanda mumachepetsa makilomita opitirira 200, koma mumawonjezera boda yachitatu ndi inshuwalansi ya ku Mozambique. Amene safuna kudutsa mu Zimbabwe amadzera pa mlatho wa Kazungula, wotsegulidwa mu May 2021, ngakhale kuti ndi kotalikirapo. Njira ya kummwera ili ndi nzeru pamene katunduyo wapangidwa ku South Africa komweko, monga makina, mankhwala a mbewu ndi zitsulo, kapena pamene wogula nsawa zanu ali ku Johannesburg. Mathiraki ambiri amabwera kuno odzaza n'kubwerera opanda kanthu, ndiye mtengo wopita kummwera umatha kutsika modabwitsa. Koma kutumiza mbewu ku Durban kuti zikakwere sitima ya ku Asia, pamene mtunda wa ku Beira sufika n'theka lomwe, n'kutaya ndalama. Dokolo nalo lakhala ndi mavuto ake: makompyuta a Transnet, kampani yoyendetsa dokoli, anasokonezedwa mu July 2021, madzi osefukira anaononga misewu yolowera mu April 2022, ndipo kumapeto kwa 2023 sitima zinkadikira kunja kwa masabata.

Walvis Bay ya ku Namibia, kudzera ku Livingstone, Sesheke ndi Katima Mulilo, ndi doko ladongosolo loyang'ana ku Ulaya ndi ku America. Limathandiza a ku Copperbelt ndi Lusaka. Kwa ife ndi makilomita opitirira 2,600. Za njira ya ku doko la Lobito ku Angola zimene zikukambidwa kwambiri masiku ano ndi nkhani ya migodi ya kumpoto chakumadzulo, sizikhudza thumba la soya la ku Sinda.

Kupakira: pamene ndalama zimatayikira doko lisanafike

Njira ikhale iliyonse, katundu wambiri amaonongekera m'shedi kuno kwathu. Kontena ya mafiti 20 imalowa makiyubiki mita pafupifupi 33, ndipo yokha imalemera matani awiri ndi pang'ono. Ya mafiti 40 imalowa 67, yaitali mmwamba ija 76, ndipo imalemera pafupifupi matani anayi. Katundu wolemera monga nsawa zosenda, soya ndi nandolo amayenera ya mafiti 20, momwe mumalowa matani 19 mpaka 22 a m'matumba. Thonje ndi fodya, zomwe zimadya malo, zimafuna ya 40. Fodya wokonzedwa amalowa makatoni 99 a makilogalamu 200. Cholakwika chofala n'kuganiza kuti makontena awiri a mafiti 20 akwera thiraki imodzi chifukwa malo alipo. Malo alipodi, koma awiriwo atadzaza mbewu amapitirira matani 42, ndipo palibe sikelo ingakuloleni. Kontena yolemera iliyonse ndi thiraki yakeyake. Pachifukwa chimenechi ogulitsa ambiri amatumiza mbewu m'matumba pa thiraki yofunda tenti, matani 30, n'kukapakira m'makontena ku shedi ya ku Beira. Mathiraki awiri amadzaza makontena atatu, ndipo simulipira ulendo wobweretsa kontena yopanda kanthu ku Chipata. Choipa chake n'chakuti katundu amagwiridwa kawiri inu kulibe, ndiye pakhale woyeza wodziimira payekha wowerenga matumba ndi kulemba lipoti.

Kuyambira July 2016 palibe kontena imakwera sitima popanda kulemera kwake kotsimikizika, kumene amati VGM. Nambala yongoganizira ikasiyana ndi ya sikelo ya padoko, kontena imatsala, ndipo sitima yotsatira mwina ndi ya sabata ziwiri.

Chinyezi ndicho mdani wa njira za ku Mozambique. Ku Tete kumatentha koopsa, ku Beira ndi ku Nacala mpweya ndi wonyowa. Kontena ikatentha masana n'kuzizira usiku imachita thukuta kudenga, madontho n'kumagwera pa matumba apamwamba. Chimanga chisapitirire 12.5 peresenti ya chinyezi, mlingo womwewo umene FRA imafuna. Nsawa zosenda zikhale pa 7 peresenti kapena kucheperapo. Yalani mapepala olimba m'mbali ndi pamwamba, ikani timatumba toyamwa chinyezi, ndipo musapakire matumba amene anagona pa simenti yonyowa. Nsawa zikachita chuku zimabala poizoni wa aflatoxin, ndipo mayiko a European Union salola kupitirira magawo 4 pa biliyoni pa nsawa zodyedwa mwachindunji. Ziyezetseni zisanachoke ku Chipata, osati zitafika kale padoko. Mankhwala ophera anankafumbwe a phosphine amafuna masiku asanu mpaka asanu ndi awiri katundu atatsekedwa bwino. Wopopera wokuuzani kuti mawa zatheka akukugulitsani pepala chabe.

Mapepala otuluka nawo ndi awa: TPIN ndi kulembetsa katundu ku ZRA pa makina a kasitomu a ASYCUDA World kudzera mwa ajenti, pemiti yotulutsira mbewu ya ku unduna wa zamalimidwe, chiphaso cha umoyo wa mbewu cha ku PQPS, nthambi ya boma yoona za matenda a mbewu, chiphaso cha kupopera, chiphaso chosonyeza dziko lochokera katundu cha SADC kapena COMESA, invoisi ndi ndandanda ya katundu. Kuyambira January 2024, Bank of Zambia imatsatanso ndalama za katundu wogulitsidwa kunja, ndipo zimayenera kulowa m'banki ya kuno. Pemiti ya chimanga musaiyese chinthu chokhazikika. Mu 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 February, kutulutsa chimanga kunali koletsedwa. Kontrakiti ya chimanga ikhale ndi ndime yokumasulani boma likatseka.

Kwa oitanitsa katundu, pepala lofunika kuliyang'anitsitsa ndi bill of lading, pepala la katundu lochokera ku kampani ya sitima, lisanasindikizidwe. Lilembedwe kuti katundu ndi wa transit wopita ku Zambia. Likangolemba Beira kapena Dar es Salaam pokha, akasitomu a kumeneko amamutenga ngati katundu wa m'dziko lawo, ndipo kukonza kumafuna kalata ya kampani ya sitima, chindapusa, ndi masiku amene akuchotsedwa pa aulere aja. Wogulitsa akakupatsani mtengo wa CIF Beira, wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi sitima mpaka ku Beira, dziwani kuti udindo wake wathera padoko: zolipira za padoko, ajenti, chikole, thiraki ndi kubweza kontena zonse ndi zanu. Masiku aulere apempheni pamene mukukambirana mtengo wa sitima. Werengerani motere: sabata imodzi ya mapepala padoko, masiku atatu kapena anayi pa msewu wa Beira mpaka Chipata, tsiku limodzi kapena awiri pa Chanida, awiri otsitsa, anayi obwerera. Masiku 17 mpaka 19 atha pamenepo zonse zitayenda bwino, ndiye amene wavomera masiku 14 wayamba kale ndi ngongole. Ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde, ngakhale masiku 21 sakwana.

Amalonda ang'onoang'ono a pa Mwami, amene katundu wawo safika n'komwe kunyanja, ali ndi njira yawo. Pansi pa dongosolo la COMESA la malonda ang'onoang'ono, katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana wa Zambia ndi Malawi amadutsa ndi fomu yachidule, popanda ajenti ndiponso popanda msonkho wolowera, ngakhale misonkho ina monga VAT ikhoza kukhalapo. Pa boda pali desiki yothandiza kudzaza mafomuwo. Pemiti ya mbewu ndi chiphaso cha umoyo wa mbewu zimafunikabe, ndipo mndandandawo umasintha, ndiye uoneni kaye musanakweze matumba pa kanta.